Zenera la emacsclient likukana kukula: gwero la vuto ndi kakonzedwe kake

Vutoli limabwera motere. Mwalemba mu init.el, fayilo ya malangizo imene pulogalamu yolembera ya Emacs imawerenga poyaka, kuti zenera la Emacs lizitseguka lalikulu, ndipo mukaiyatsa mwachizolowezi polemba `emacs` limatsegukadi monga mwafunira. Tsiku lina mwaganiza zoti Emacs izikhala yoyaka kumbuyo ngati seva, kuti musamadikire masekondi angapo nthawi iliyonse. Mwalemba `emacs --daemon` kuti muyatse sevayo, imene imatchedwa daemon, kenako `emacsclient -c` kuti mutsegule zenera lolumikizana nayo, koma chotseguka ndi kazenera ka zilembo 80 m'lifupi, ngati kuti fayilo yanu sinawerengedwe n'komwe. Ambiri amayamba kukayikira emacsclient, ena amafika pochotsa Emacs n'kuiikanso. Musadzivute choncho. Fayilo yanu inawerengedwa bwinobwino, kungoti inawerengedwa pa nthawi imene panalibe zenera loti n'kulikuza.

Tiyambe tagwirizana pa mawu, chifukwa Emacs ili ndi katchulidwe kakekake. Chimene aliyense amachitcha zenera, chokhala ndi batani lotsekera pakona, Emacs imachitcha frame. Mawu oti window kwa Emacs ndi zigawo za mkati mwa frame, zija zimaoneka mukadina `C-x 2` kapena `C-x 3` (`C-` ndi batani la Ctrl, `M-` ndi la Alt). Choncho mukamafufuza mu chithandizo cha Emacs ndi `C-h v` kapena `C-h f`, fufuzani mawu oyamba ndi frame. Mukafufuza window-width mungotaya nthawi.

Frame imene simuiona

Daemon inalowa mu Emacs 23.1 m'chaka cha 2009. Ikamayamba, siilumikizana ndi sikirini iliyonse. Imadzipangira frame yosaoneka, ya mtundu wa terminal, imene imatchedwa F1, n'kuwerenga init.el ili m'menemo. Mungadzionere nokha: yatsani daemon, musanatsegule zenera lililonse lembani

    emacsclient -e '(frame-list)'

ndipo ikuyankhani ndi frame imodzi ya dzina loti F1. Frame imeneyi ndiyo imadya malangizo anu onse.

Taonani njira zitatu zimene anthu amalembera kukula kwa zenera, ndi mmene iliyonse imaferera mu daemon.

Yoyamba ndi `initial-frame-alist`. Monga dzina likunenera, imakhudza frame yoyamba yokha. Mu Emacs ya masiku onse frame yoyamba ndi imene mumaiona, n'chifukwa chake zinkayenda. Mu daemon malo a frame yoyamba atengedwa kale ndi F1, ndipo zenera limene emacsclient ikutsegulirani ndi lachiwiri.

Yachiwiri ndi kulamula mwachindunji:

    (set-frame-size (selected-frame) 110 32)

Lamuloli limagwira kamodzi, pa frame imene ilipo pa nthawiyo. Pa nthawi ya init.el, imeneyo ndi F1.

Yachitatu ndi imene imasokoneza kwambiri, chifukwa siionetsa cholakwika chilichonse:

    (when (display-graphic-p)
      (add-to-list 'default-frame-alist '(width . 110)))

Mkati mwa mzerewu mwalemba chinthu cholondola, koma mwachitsekera kuseri kwa funso. Daemon ikafunsidwa ngati ili pa sikirini ya zithunzi imayankha kuti ayi, pakuti pa nthawiyo ilidi pa F1, ndipo zonse za mkatimo zimalumphidwa mwakachetechete. N'chimodzimodzi ndi `(when window-system ...)` ndi `(if window-system ...)` zimene zadzaza m'mafayilo akale amene anthu amakoperana. Nayonso `(display-pixel-width)` ikafunsidwa pa nthawi imeneyi siipereka ma pixel a sikirini yanu, imapereka kanambala ka zilembo za F1. Mukawerengera kukula kwa zenera kuchokera pa nambala imeneyo, mupeza zenera longa chibiriti.

Chimene chimagwira ntchito

Malo oyenera ndi `default-frame-alist`. Umenewu ndi mndandanda umene Emacs imauyang'ana nthawi iliyonse ikamapanga frame yatsopano, kaya yachokera kwa emacsclient kaya mwadina `C-x 5 2`. Lembani popanda funso lililonse pamwamba pake:

    (add-to-list 'default-frame-alist '(width . 110))
    (add-to-list 'default-frame-alist '(height . 32))

Kwa anthu ambiri nkhani imathera pomwepa. Ngati muli ndi Emacs 27.1 kapena yatsopano kuposa pamenepo, mizere iwiriyi ikhoza kukhala mu early-init.el, m'foda imodzi ndi init.el, kaya ndi `~/.emacs.d/` kaya `~/.config/emacs/`. Kwa daemon sizisintha kanthu, koma tsiku limene mwayatsa Emacs popanda daemon zenera limatuluka lili kale pa msinkhu wake, osati kuyamba laling'ono kenako n'kudumpha.

Musaiwale kuti daemon imawerenga init.el kamodzi kokha, poyamba. Kutseka zenera n'kutsegula lina sikuiwerengetsanso. Anthu ambiri amasintha fayilo, n'kutseka zenera, n'kutsegula lina, n'kunena kuti njirayi yakanika, chonsecho daemon yake ndi ya dzana. Izimitseni kaye:

    emacsclient -e '(kill-emacs)'
    emacs --daemon

Ngati mumaiyatsa kudzera mu systemd, imene imayatsa mapulogalamu a kumbuyo pa Linux, lamulo lake ndi `systemctl --user restart emacs`. Musanatero sungani mafayilo onse otsegula, chifukwa `kill-emacs` siifunsa mafunso.

Manambalawa akuwerenga zilembo, osati ma pixel

Apa m'pofunika kukhalapo pang'ono, chifukwa m'pamene anthu amakonza vuto limodzi n'kubala lina. Nambala ya `width` ndi kuchuluka kwa zilembo zokwana mu mzere umodzi, ya `height` ndi kuchuluka kwa mizere. Kukula kwenikweni kwa zenera kumadalira font imene mukugwiritsa ntchito.

Tiwerengere limodzi. Malaputopu ambiri ogulidwa kale m'mashopu a m'tauni muno mu Harare ali ndi sikirini ya 1366 x 768. DejaVu Sans Mono ya saizi 12 pa sikirini yotere imatenga ma pixel pafupifupi 10 pa chilembo m'lifupi ndi 19 pa mzere. Mizere 40 ndiye kuti ma pixel 760, musanawerengere mutu wa zenera, menyu ya Emacs, mzere wa mabatani ndi panelo ya desktop. Zotsatira zake n'zakuti pansi pa zenera pamabisika, ndipo pansi pake m'pamene pali minibuffer, pamene mumalembapo malamulo. Munthu amadina `M-x` n'kumaona ngati Emacs yauma, pamene ikumudikira kunsi kwa sikirini. Pa sikirini imeneyi mizere 32 ndi yokwanira bwino. Zilembo 110 zimadya ma pixel pafupifupi 1100, n'kutsala malo pambali.

Popeza font ndiyo muyeso, iikeni mu mndandanda womwewo kuti frame ibadwe nayo:

    (add-to-list 'default-frame-alist '(font . "DejaVu Sans Mono-12"))

Mukaiika ndi `(set-frame-font "DejaVu Sans Mono-12")` yokha, yagwera pa F1 monga zina zija. Ndipo mukasintha font zenera litatseguka kale, Emacs imasunga chiwerengero cha zilembo n'kusintha ma pixel, choncho zenera limakula kapena kuchepa inu mukuona. Menyu ndi mzere wa mabatani nazonso zimasuntha msinkhu wa zenera zikachotsedwa mochedwa. Ngati simuzifuna, nenani pomwepo:

    (add-to-list 'default-frame-alist '(tool-bar-lines . 0))
    (add-to-list 'default-frame-alist '(menu-bar-lines . 0))

Amene akufuna kuyeza ndi ma pixel enieni angalembe `(width . (text-pixels . 1100))`, ndipo aonjezere `(setq frame-resize-pixelwise t)` kuti Emacs isamakokere kukulako ku chilembo chathunthu. Koma pali njira ina yabwino kuposa imeneyi. Kuyambira Emacs 26.1 ya 2018, nambala ya pakati pa 0.0 ndi 1.0 imatanthauza gawo la sikirini:

    (add-to-list 'default-frame-alist '(width . 0.6))
    (add-to-list 'default-frame-alist '(height . 0.9))

Apa Emacs imayeza sikirini pa nthawi yopanga frame, osati pa nthawi yowerenga init.el, ndiye daemon siikhala chopinga. Kadontho n'kofunika: `1.0` ndi sikirini yonse, `1` ndi chilembo chimodzi.

Wofuna zenera lodzaza sikirini asavutike ndi manambala:

    (add-to-list 'default-frame-alist '(fullscreen . maximized))

`maximized` imasiya mutu wa zenera ndi panelo zikuoneka. `fullboth` imaphimba zonse. `fullheight` imadzaza msinkhu wokha, ndipo imagwirizana bwino ndi `width` ya zilembo ngati mumakonda Emacs kumbali imodzi, browser kumbali inayo. Mukaona kampata katsala pansi kapena pambali pa zenera lodzaza, mankhwala ake ndi `frame-resize-pixelwise` yomwe ija.

Laputopu imodzi, masikirini awiri

Daemon imatha kukhala yoyaka masiku ambiri, pamene sikirini imasinthasintha. M'mawa laputopu ili ku ofesi ku Avondale yolumikizidwa ku monita ya 1920 x 1080, madzulo ili kunyumba ku Mufakose payokha. Kapena magetsi azima masana, monita yathima, laputopu yatsala pa batire ndi sikirini yake yaing'ono. Mizere 50 imene inali bwino pa monita tsopano yasefukira.

Magawo a 0.6 ndi 0.9 aja amathetsa zambiri za izi. Koma ngati mukufuna manambala osiyana pa sikirini iliyonse, pamafunika kachidutswa ka Lisp, chinenero cholembera init.el, koyenda frame itabadwa kale. Emacs 27.1 inabweretsa `server-after-make-frame-hook` pa ntchito yomweyi (hook ndi mndandanda wa ma function amene Emacs imayendetsa chinthu china chikachitika), ndipo ikamayenda frame ya emacsclient imakhala itasankhidwa kale:

    (defun yanga/yeza-frame ()
      (when (and (display-graphic-p)
                 (not (frame-parameter nil 'yayezedwa)))
        (if (> (nth 2 (frame-monitor-workarea)) 1500)
            (set-frame-size (selected-frame) 140 48)
          (set-frame-size (selected-frame) 110 32))
        (set-frame-parameter nil 'yayezedwa t)))

    (add-hook 'server-after-make-frame-hook #'yanga/yeza-frame)

Funso la `display-graphic-p` limene linatipweteka poyamba paja, muno ndi lothandiza, chifukwa tsopano likufunsidwa frame yeniyeni ilipo. Musalichotse. Popanda ilo, `emacsclient -t` idzayesa kupereka zilembo 110 kwa terminal imene mwina ili ndi 80, ndipo zolemba zidzasokonekera, mizere kukwerana. Kukula kwa frame ya mu terminal kumalamulidwa ndi terminal yomweyo, Emacs ilibe mphamvu pamenepo.

`frame-monitor-workarea` imabweza manambala anayi: malo a kumanzere, malo a pamwamba, m'lifupi ndi msinkhu. Kuwerenga kumayambira pa 0, ndiye `(nth 2 ...)` ndi m'lifupi. Chizindikiro cha `yayezedwa` chilipo chifukwa hook imeneyi ikhoza kuyendanso pa frame imene inalipo kale emacsclient ikaigwiritsanso ntchito. Popanda chizindikirocho, mungakoke zenera ndi mawusi kufika pamene mukufuna, kenako likubwererani pakale.

Amene ali ndi Emacs 26 kapena yakale agwiritse ntchito `after-make-frame-functions`. Kusiyana kwake n'kwakuti imapereka frame yatsopanoyo kwa function yanu, choncho function iyenera kuilandira:

    (add-hook 'after-make-frame-functions
              (lambda (frame)
                (when (display-graphic-p frame)
                  (set-frame-size frame 110 32))))

Mukalemba `(lambda () ...)` yopanda `frame`, Emacs idandaula za wrong-number-of-arguments. Mukalemba `(selected-frame)` m'malo mwa `frame`, mukhoza kukuza zenera lakale kapena F1 yomwe ija, latsopano n'kutsala momwe lilili. Kunena zoona, njira ya hook ndi yogwiritsa ntchito pokhapokha mukufunikadi kuyeza sikirini. Imachititsa zenera kuphethira potseguka, ndipo ikakhala ndi cholakwika imavutitsa zenera lililonse limene mutsegule.

Mwalemba zonse molondola koma silikumvabe

Yambani ndi kupatula vuto. Yatsani daemon ina yopanda init.el yanu, ndi dzina lake, kuti isasokoneze imene mukugwirira ntchito:

    emacs -Q --daemon=mayeso
    emacsclient -s mayeso -c -F '((width . 110) (height . 32))'

`-F` imapereka malangizo a frame imodzi yokhayo, ndipo imaposa zonse za mu `default-frame-alist`. Zenera likatseguka pa msinkhu woyenera, vuto lili mu mafayilo anu. Likakana ngakhale apa, vuto lili kunja kwa Emacs. Mukamaliza izimitseni ndi `emacsclient -s mayeso -e '(kill-emacs)'`.

Vuto likakhala mu mafayilo anu, tsegulani zenera la daemon yeniyeni, dinani `C-h v`, lembani `default-frame-alist`, muwerenge zimene zilimo. Ngati `width` yanu mulibe, pali china chaifafaniza. Kawirikawiri ndi `(setq default-frame-alist ...)` penapake pansi pa fayilo, chifukwa `setq` imataya mndandanda wonse n'kuika watsopano. Nthawi zina ndi chigawo cha `custom-set-variables` chimene Emacs imadzilembera yokha kumapeto kwa init.el kapena mu custom.el. Ngati `width` ilimo kawiri, yopambana ndi imene ili koyambirira kwa mndandanda, ndipo `add-to-list` imaika chatsopano kutsogolo, choncho mzere umene wawerengedwa pomaliza ndiwo umalamula. Onaninso `window-system-default-frame-alist`. Imeneyi imasunga malangizo a mtundu uliwonse wa sikirini, `x`, `pgtk`, `ns` ya macOS ndi `w32` ya Windows, ndipo imaposa `default-frame-alist`.

Zimathekanso kuti init.el inaduka panjira chifukwa cha cholakwika chimene chili pamwamba pa mizere yanu, moti mizereyo sinafikiridwe. Daemon ilibe zenera loonetsera chenjezo, ndiye zimadutsa osazizindikira. Lembani `emacs --fg-daemon --debug-init` kuti ikhale patsogolo n'kulemba cholakwikacho mu terminal, kapena `journalctl --user -u emacs` ngati ili pansi pa systemd.

Wina wokayikitsa ndi `desktop-save-mode`. Imasunga mazenera pamodzi ndi kukula kwake n'kuyesa kuwabwezera, zimene zimalimbana ndi manambala anu. Lembani `(setq desktop-restore-frames nil)` kuti izikumbukira mafayilo okha. Pa X11, njira yakale yojambulira mazenera pa Linux, yang'ananinso mu `~/.Xresources` ngati muli mzere wa `Emacs.geometry`. Kukula kolembedwa pamenepo kumakhudza mazenera onse ngati simunanene kwina, ndipo mukausintha pamafunika `xrdb -merge ~/.Xresources` musanayatsenso daemon.

Vuto likakhala kunja kwa Emacs, dziwani kuti Emacs imangopempha, wopereka malo ndi window manager, pulogalamu yoyala mazenera pa sikirini. Pa ma window manager a i3 ndi sway mazenera amayalidwa ngati matailosi, ndipo `width` ndi `height` zanu sizimveka mpaka zeneralo mulipange loyandama. Pa GNOME, zenera limene latsala pang'ono kudzaza sikirini limadzazidwa lokha. Ngati zimenezi zikukunyansani:

    gsettings set org.gnome.mutter auto-maximize false

Malo amene zenera likutsegukira ndi nkhani inanso. `(left . 40)` ndi `(top . 20)` zimagwira pa X11, ndipo window manager ikamazinyalanyaza onjezerani `(user-position . t)` kuti izitenga ngati mwasankha ndinu. Pa Wayland, njira yatsopano yolowa m'malo mwa X11, mtundu wa Emacs wotchedwa pgtk umene unabwera ndi 29.1 mu 2023 sungasankhe malo a zenera lake, chifukwa Wayland siilola pulogalamu kutero. Kukula kumamveka, malo ayi, ndipo palibe mzere wa Lisp umene ungasinthe zimenezo.

Kuti mutsimikize zimene mwapeza, dinani `M-:` muli m'zenera lenilenilo, lembani `(list (frame-width) (frame-height) (frame-pixel-width) (frame-pixel-height))`. Osafunsa kudzera mu `emacsclient -e` popanda zenera lotsegula, pakuti yankho lidzachokera kwa F1. Mungagwiritsenso ntchito njira yomweyi posankha manambala: kokani zenera ndi mawusi mpaka likukomereni, funsani `(frame-width)` ndi `(frame-height)`, mulembe zimenezo mu fayilo. `frame-height` ikhoza kusiyana ndi mzere umodzi ndi zimene mukuona m'maso, chifukwa imawerengera minibuffer.

Potsegula kuchokera pa menyu

Lamulo labwino la tsiku ndi tsiku ndi ili:

    emacsclient -c -n -a ""

`-c` ikupanga frame yatsopano, `-n` ikubweza terminal kwa inu osadikira, ndipo `-a ""` ikuyatsa daemon ngati sinayake, zimene zimathandiza kompyuta ikangoyatsidwa kumene magetsi atabwera. Popanda `-c`, fayilo imatsegukira m'zenera limene lilipo kale, ndipo kukula kwake sikusintha ngakhale mutasintha `default-frame-alist` kambirimbiri. Emacs 29 inaonjezera `-r`, imene imagwiritsa ntchito zenera lomwe lilipo n'kupanga latsopano pokhapokha palibe.

Ngati mukufuna kazenera kena kapadera, mwachitsanzo kakang'ono kolembamo manotsi mwachangu, musakhudze `default-frame-alist`. Pangani batani la pa kiyibodi kapena fayilo ya .desktop mu `~/.local/share/applications/` yoyendetsa lamulo ili:

    emacsclient -c -n -F '((name . "manotsi") (width . 70) (height . 18))' ~/manotsi.org

Dzina loti manotsi limakhala mutu wa zeneralo, ndipo pa i3 mukhoza kuligwiritsa ntchito polemba `for_window [title="manotsi"] floating enable`, kuti zenera limeneli lokha liziyandama pa kukula kumene mwapempha. Mu fayilo ya .desktop zizindikiro za ' ndi " zili ndi malamulo akeake ndipo zimavuta, choncho ndi bwino kuika lamuloli mu kafayilo ka shell, kukapatsa chilolezo ndi `chmod +x`, kenako mzere wa `Exec=` uziloza kafayiloko.